Rambo akubwerera ku Vietnam: mafunso ndi mayankho pa filimu yatsopano ya John Rambo

Chimvekereni mbiri yoti kukubwera filimu ina ya Rambo, mafunso sakutha. Ena akufunsa mosangalala, ena mokayika, ndipo ena akuchita kupsa mtima akamva kuti Sylvester Stallone sadzaseweramo ngati Rambo. Ine ndine mmodzi wa amene tinakulira m'mavidiyo shoo, pa mabenchi a matabwa, m'kachipinda kamdima kotchinga ndi chinsalu pakhomo, ndipo Rambo ndinam'dziwa ndisanadziwe n'komwe kuti Vietnam ili mbali iti ya dziko lapansi. Filimu yatsopanoyi ndikuidikira ndi mtima wonse, komanso ndili nayo nkhawa. Zonse ziwiri muziona m'mayankho ali m'munsimu.

Kodi n'zoona kuti kukubwera Rambo wina?

N'zoona. Dzina la filimuyi ndi John Rambo. Kampani ya Millennium Media, yomwe inapanganso mafilimu awiri omaliza a Rambo, inalengeza za filimuyi mu Meyi 2025, pa nthawi ya chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, m'dziko la France. Woitsogolera ndi Jalmari Helander wa ku Finland, olemba nkhani yake ndi Rory Haines ndi Sohrab Noshirvani, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho zinamveka kuti amene wapatsidwa udindo wosewera ngati Rambo ndi Noah Centineo.

Chenjezo limodzi: filimu ya Rambo ya 2008 ija m'mayiko ena a ku Ulaya inatuluka ndi dzina lomweli la John Rambo. Choncho mnyamata wotsitsira anthu mafilimu m'mafoni pamsika akakuuzani kuti ali nayo yatsopano, yambani mwaiyang'ana. Mukaona Stallone akuyendetsa bwato pamtsinje ndi kugwira njoka, dziwani kuti ndi yakale ija.

Ndiye ikupitiriza pamene inathera ija ya 2019?

Ayi, iyi ikubwerera m'mbuyo. Rambo: Last Blood inatha Rambo ali nkhalamba, thupi lonse mabala, atakhala pakhonde la nyumba ya bambo ake ku Arizona. Yatsopanoyi ikutitengera ku nkhondo ya ku Vietnam, zisanachitike zonse zimene tinaona mu First Blood, filimu yoyamba ya Rambo. Tikamuona akadali mnyamata, mabala aja asanabwere.

Stallone wamanidwa bwanji filimu yakeyake?

Stallone anabadwa pa 6 Julayi 1946. Filimu yoyamba ya Rambo inatuluka iye ali ndi zaka 36, ndipo pamene Last Blood inkatuluka n'kuti ali ndi zaka 73. Zaka 37 akunyamula munthu mmodzi pamsana. Palibe angam'lande ulemu umenewo, koma munthu wa msinkhu wake sangakhale msilikali wachinyamata amene wangotsika ndege ku Saigon, likulu la South Vietnam pa nthawi ya nkhondoyo.

Mu 2025 iye ananena kuti anali ndi maganizo opanga filimu ya unyamata wa Rambo pogwiritsa ntchito nzeru za makompyuta zotchedwa AI, kuti makina am'bwezeretse nkhope yaunyamata. Ine ndikuthokoza kuti sizinatero. Mantha a mnyamata amene akuona mnzake akufa koyamba amafuna maso a munthu wamoyo, osati nkhope yopangidwa pa kompyuta.

Noah Centineo ndani? Si uja wa mafilimu achikondi?

Ndi yemweyo. Anabadwa mu 1996 ku Miami, ndipo anatchuka mu 2018 ndi filimu ya pa Netflix ya To All the Boys I've Loved Before, momwe anali mnyamata wa kusekondale wokondedwa ndi atsikana. Apa ndi pamene pagona mkwiyo wa anthu ambiri: akuti munthu wa nkhope yofatsa chonchi angakhale bwanji Rambo? Koma kuyambira nthawi imeneyo wasewerako zina. Anali mu Black Adam mu 2022, filimu imene Haines ndi Noshirvani analemba nawo, anali mwini filimu mu sewero la pa Netflix la The Recruit, ndipo mu 2025 anali mmodzi wa asilikali mu Warfare, filimu yowawa ya gulu la asilikali a America amene anapanikizidwa m'nyumba ina ku Ramadi, m'dziko la Iraq.

Ine nkhope yofatsayo ndi imene ikundipatsa chiyembekezo. Stallone mwiniwake ananenapo kuti m'maganizo mwake, Rambo asanapite ku nkhondo anali mnyamata wochezeka, katswiri wa masewera kusukulu, ndipo nkhondo ndiyo inam'sandutsa munthu wina. Ngati zili choncho, kuika chimphona cha nkhope yowuma kuyambira pa chiyambi kungakhale kupha nkhani. Tikufunika kuona munthu amene amatha kuseka, kuti pamene kuseka kukuzimiririka tidzamve kuti chinachake chatayika. Minofu aliyense angaipeze atakhala miyezi ingapo akunyamula zitsulo. Chovuta ndi maso aja. Bwererani mukaone Stallone m'mphindi zoyambirira za First Blood: akuyenda m'mbali mwa msewu, chikwama paphewa, maso ngati a munthu wochokera kumaliro. Centineo akadzafika pamenepo filimu ikamatha, ndiye kuti ntchito waigwira.

Nanga wotsogolera wa ku Finlandyu akudziwapo chiyani za Rambo?

Akudziwa zambiri. Helander anapanga Rare Exports mu 2010 ndi Big Game mu 2014, momwe munali Samuel L. Jackson, koma imene inam'tchukitsa padziko lonse ndi Sisu ya 2022. Nkhani yake ikuchitika mu 1944 ku Lapland, kumpoto kwa Finland. Nkhalamba ina imene kale inali msilikali yapeza golide, ndipo panjira ikukumana ndi asilikali a Germany amene akuthawa nkhondo, akuotcha chilichonse m'mbuyo mwawo. Iwo akufuna golideyo. Nkhalambayo, imene anasewera Jorma Tommila, siyankhula pafupifupi filimu yonse. Helander sanabise kuti First Blood ndi imodzi mwa mafilimu amene anam'limbikitsa kupanga Sisu, ndipo zimaoneka: munthu mmodzi, thengo, adani ambiri amene akum'derera mpaka atazindikira mochedwa kuti aputa wolakwika.

Choncho pa zakumenyana ndilibe nkhawa. Munthuyu amadziwa kuonetsa matope, kuzizira, kutopa ndi ululu, ndipo amadziwa kuti kukhala chete kumaopsa kuposa kukuwa.

Nkhawa yanga ili pena. Mu Sisu mwini filimu safa zivute zitani: am'pachika pachingwe akhala moyo, ndege igwa naye atulukamo. Zimakoma kuonera, koma ndi nthano, ndipo wopangayo amafuna kuti tidziwe kuti ndi nthano. Vietnam si nthano. Akaitenga ngati bwalo longoonetserapo njira zatsopano zophera anthu, tidzakhala ndi filimu yaphokoso yoiwalika pakatha sabata.

Kodi mafilimu a Rambo alipo angati, ndipo amatsatana bwanji?

Alipo asanu. Yoyamba ndi First Blood ya 1982, yotsogoleredwa ndi Ted Kotcheff. Inajambulidwa m'tauni ya Hope ku British Columbia, m'dziko la Canada, ndipo inapeza madola pafupifupi 125 miliyoni.

Yachiwiri, Rambo: First Blood Part II ya 1985, ndi imene ambiri timaikumbukira: Rambo atulutsidwa kundende kuti abwerere ku Vietnam kukajambula zithunzi za asilikali a America osungidwa ngati akaidi, koma amene am'tuma am'siya pamoto. Anaitsogolera George P. Cosmatos, ndipo mmodzi wa olemba anali James Cameron. Inapeza madola pafupifupi 300 miliyoni.

Rambo III ya 1988 inam'tengera ku Afghanistan kukapulumutsa Colonel Trautman, mkulu wake wa kunkhondo, m'manja mwa asilikali a Soviet Union. Inatuluka mu Meyi, mwezi womwewo umene asilikali a Soviet Union anayamba kuchoka m'dzikomo, moti nkhani yake inakalamba isanafike n'komwe m'makanema.

Panapita zaka 20 kuti yachinayi ibwere. Rambo ya 2008 anaitsogolera Stallone yemwe, ndipo imaonetsa nkhanza za asilikali a Burma pa anthu a mtundu wa Karen. Boma la asilikali la dzikolo linailetsa. Yomaliza ndi Last Blood ya 2019, yotsogoleredwa ndi Adrian Grünberg, momwe Rambo akulimbana ndi zigawenga zogulitsa atsikana ku Mexico.

Bwanji mukungotamanda First Blood pomwe yachiwiri ndi imene inali yamoto?

Chifukwa Rambo weniweni ali mu yoyambayo, ndipo ambirife tinam'phonya. Kuvidiyo shoo tinkadikira mfuti ndi mabomba, zoyankhula tinkaona ngati zongotichedwetsa. Nditaioneranso ndili wamkulu ndinadabwa kupeza kuti ndi filimu yachisoni kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Taonani mmene ikuyambira. Rambo wayenda ulendo wautali kukaona mnzake Delmar, yekhayo amene ankaganiza kuti watsala wamoyo pa gulu lawo. Afika pakhomo n'kuuzidwa kuti anamwalira ndi khansa yobwera chifukwa cha Agent Orange, mankhwala amene asilikali a America ankapopera m'nkhalango za Vietnam kuti masamba ayoyoke adani asowe pobisala. Atamva zimenezi apitiriza ulendo wapansi, n'kufika m'tauni ina akungofuna pogula chakudya. Mkulu wa apolisi, Will Teasle, amene anasewera Brian Dennehy, am'yang'ana tsitsi lalitali ndi jekete lachisilikali n'kuganiza kuti ndi wongoyendayenda. Am'kweza m'galimoto n'kukam'tsitsa kunja kwa tauni. Rambo atembenuka kubwerera, ndipo am'manga. Kupolisi am'menya, am'thira madzi a paipi ngati chiweto, kenako abwera ndi lumo kuti am'mete pouma. Lumolo lim'kumbutsa mpeni umene ankam'cheka nawo ali mkaidi ku Vietnam, ndipo mutu usokonekera pomwepo.

Funsani anzanu kuti mu First Blood mukufa anthu angati. Ambiri anena makumi. Amene tikumuona akufa ndi mmodzi yekha, wapolisi Galt, amene akugwa m'helikopita pamene akufuna kuwombera Rambo, Rambo atagenda ndegeyo ndi mwala. Apolisi enawo akuwavulaza m'nkhalango koma osawapha, ngakhale mpata anali nawo.

Ndiye pali mathero. Munthu amene wagwedeza tauni yonse akhala pansi n'kuyamba kulira ngati mwana pamaso pa Trautman, amene anasewera Richard Crenna. Akudandaula kuti kunkhondo ankam'dalira ndi zida za ndalama zankhaninkhani, koma kwawo akulephera kusunga ngakhale ntchito yoimika magalimoto. Akusimba za mnzake Danforth, amene anaphulitsidwa ndi bomba lobisidwa m'bokosi la mwana wopolisha nsapato ku Saigon, iye n'kumayesa kusonkhanitsa ziwalo za mnzakeyo. Filimuyi inatuluka patangopita zaka ziwiri kuchokera mu 1980, pamene madokotala a maganizo ku America anavomereza mwalamulo nthenda imene amaitcha PTSD, yovutitsa munthu amene anaona zoopsa: kulota zoipa, kudzidzimuka, kuona zakale ngati zikuchitika pompano. Ifenso tili ndi asilikali amene anapita kukasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo, ena osabwerako amoyo, ndipo amene anabwerako sitiwafunsa kawirikawiri kuti usiku amagona bwanji.

Yachiwiri ija inatembenuza zonsezi. Munthu amene nkhondo inam'phwanya anasanduka munthu wobwerera kukapambana nkhondo imene dziko lake linagonja. Inakoma, sindikana, mpaka Pulezidenti Ronald Reagan anaitchulapo mu 1985 ponena za mmene angachitire ndi zigawenga zogwira anthu ngati chikole. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira pamenepo dzina la Rambo linayamba kutanthauza munthu wokonda ndewu, pomwe poyamba linkatanthauza munthu amene ndewu inam'wononga. Filimu yatsopanoyi ili pamphambano: itsata yoyamba kapena yachiwiri. Ine ndikupempha itsate yoyamba.

Kodi Rambo anali munthu weniweni?

Ayi. Anachokera m'buku la First Blood limene David Morrell, wobadwira ku Canada, anatulutsa mu 1972 nkhondo ikadali m'kati. Dzinalo analitenga ku mtundu wa maapozi otchedwa Rambo amene mkazi wake anabwera nawo kunyumba tsiku lina iye akulemba. Koma Morrell ananena kuti ankaganizira za munthu weniweni, Audie Murphy, msilikali wa America amene analandira mamendulo ochuluka pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, koma atabwerako ankavutika ndi maloto oopsa mpaka kumagona ndi mfuti pansi pa pilo.

M'bukumo Rambo amapha anthu ambiri, ndipo pomaliza amafa, wom'maliza ndi Trautman yemwe. Opanga filimu anajambulanso mathero amene Rambo akufa, koma anthu amene anawaonetsa moyesa sanawakonde, ndiye anasintha. Pakanapanda anthu amenewo, bwenzi palibe Rambo wachiwiri, wachitatu, ngakhale uyu tikumudikirayu. Morrell, tinene, Last Blood sanaikonde, ndipo ananena poyera.

Tikudziwa kale chiyani za moyo wa Rambo ku Vietnam?

Mafilimu akale anasiya zizindikiro zingapo zimene olemba atsopanowa sangazilumphe. Kwawo kwa Rambo ndi ku Bowie, ku Arizona. Anali wa gulu la asilikali apadera lotchedwa Green Berets, limene limaphunzitsidwa ku Fort Bragg, ku North Carolina. Trautman ndi amene anam'sankha, kum'phunzitsa ndi kum'lamulira kwa zaka zitatu ku Vietnam, m'kagulu kotchedwa Baker Team. Rambo anagwidwa, anazunzidwa, anathawa, ndipo analandira Medal of Honor, mendulo yapamwamba kuposa zonse kwa msilikali wa America. Pofika nthawi ya First Blood, anzake onse a m'kaguluko n'kuti atamwalira.

Munthu amene ndikufunitsitsa kumuona bwino ndi Trautman. M'mafilimu akale amaoneka ngati bambo, ndipo Crenna, amene anamwalira mu 2003, ankam'sewera mwaulemu. Komabe ndi iyeyo amene anatenga mwana wa eni n'kum'sula kukhala chida, ndipo mu First Blood amanyadira ntchito ya manja akeyo pamaso pa apolisi. Filimu yolimba mtima iyenera kutionetsa kusulako, ndi mtengo wake.

Nanga anthu a ku Vietnam adzaoneka bwanji?

Funso ili ndi limene lidzasiyanitse filimu yabwino ndi yachabe. Asilikali a America anayamba kumenya nkhondo yapansi mu Marichi 1965 atatsikira ku Da Nang, anachoka mu 1973, ndipo Saigon inagwa pa 30 Epulo 1975. Aamerika oposa 58,000 anafa. Boma la Vietnam linanena mu 1995 kuti m'dziko lonselo munafa anthu wamba pafupifupi 2 miliyoni, ndi asilikali a mbali yawo 1.1 miliyoni. Pa 16 Marichi 1968, m'mudzi wa My Lai, asilikali a America anapha anthu wamba mazanamazana, ambiri mwa iwo amayi, ana ndi nkhalamba. Agent Orange yemwe anapha Delmar uja mpaka lero akuvutitsa mabanja ku Vietnam.

Mu filimu ya 1985 anthu a ku Vietnam anali ngati mapesi ongogwa mfuti ikalira, kupatula Co, mtsikana amene anathandiza Rambo. Ife tinkaombera m'manja aliyense akagwa, osaganiza kuti anthuwo anali kwawo, akumenyera dziko lawo. Ife a ku Africa, amene tikudziwa tanthauzo la kulamulidwa ndi alendo, tinayenera kukhala oyamba kuzindikira zimenezo. Sindikufuna filimu yolalikira. Ndikufuna chabe kuti munthu amene Rambo akumuwombera akhale ndi nkhope, chifukwa nkhope zimenezo ndi zimene zidzam'sowetse tulo zaka zonse zotsatira.

Malo ojambulira ndi kuti?

Ku Thailand, dziko limene Rambo amalidziwa kale. Mbali ina ya Rambo III inajambulidwa komweko, ndipo ya 2008 inajambulidwa kumpoto kwake, cha ku Chiang Mai, kufupi ndi malire a Burma. Burma imeneyo si yachilendo kwa ife: agogo athu a m'gulu la King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenyako nkhondo ndi asilikali a Japan mu 1944, m'nkhalango ndi m'mvula za chigwa cha Kabaw.

Mpeni, uta ndi kansalu kofiira kapamutu zinachokera kuti?

Mpeni wa mu First Blood anausula Jimmy Lile, mmisiri wa ku Arkansas. Unali ndi mano kumsana ndi chigwiriro champhako, momwe munali singano ndi ulusi umene Rambo anadzisokera bala la pamkono. Ana tonse a nthawi imeneyo tinasemapo wathu wamtengo. Uta wa mivi yophulika unabwera mu filimu yachiwiri. Kansalu kofiira nakonso n'ka mu yachiwiri: Rambo anakang'amba ku diresi la Co atamuika m'manda. Tinkadzimanga tizidutswa ta chitenje pamutu poyesa kuti ndi chizindikiro cha ukali, pomwe chinali chizindikiro cha maliro. Mwa ndondomeko ya nkhani, kansalu kameneko sikayenera kupezeka mu filimu yatsopanoyi, chifukwa Co anakumana naye nkhondo itatha kale.

Ana angaonere?

Mafilimu onse asanu ku America anaikidwa m'gulu la R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 asaonere popanda wamkulu. Awiri omalizawo ali ndi nkhanza zosayenera mwana ngakhale pang'ono, ndipo Sisu nayo ndi yamagazi okhaokha. Makolo, muyambe mwaonera nokha.

Ndidikire yomasuliridwa m'Chichewa kapena ndionere ya Chingerezi?

Omasulira mafilimu athu ndimawalemekeza. Afikitsa mafilimu kwa anthu amene Chingerezi cha ku America chikanawadutsa, ndipo ena mwa iwo ndi aluso enieni pa nthabwala. Pempho langa kwa iwo ndi lakuti filimu iyi ikadzafika, pamene munthu akulira adzam'siye alire, adzangomasulira mawu ake mmene alili. Malo a nthabwala adzapezeka ambiri. Ngati mungathe, dzaonereni zonse ziwiri.

Podikira ndionere chiyani?

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo podekhapo pali zochita. Onerani Sisu kuti mudziwe dzanja la Helander, ndi Warfare kuti muone Centineo atavala yunifolomu. Koma koposa zonse bwererani ku First Blood, usiku, foni mutaika patali, ndipo musathamangitse poyambira paja. Rambo akufika pa nyumba ya m'mbali mwa nyanja akumwetulira, chinthu chimene simudzachionanso kawirikawiri m'mafilimu onse asanu. Atulutsa chithunzi m'thumba n'kuyamba kuloza anzake mmodzimmodzi, kuwatchula mayina, kwa mayi amene akuyanika zovala. Mayiyo atam'uza za imfa ya Delmar, Rambo am'siyira chithunzicho n'kutembenuka. Anyamata a pa chithunzi aja ndi amene ndikufuna kudzawaona amoyo, akuseka, akukangana za magalimoto ndi zakwawo, Rambo ali pakati pawo.